Kalembera wa nyali

Caka cathaci, cimanga citangolowa m'nkhokwe, amfumu anatiitanira pabwalo la sukulu. Uthenga unali wakuti nthambo za magetsi zimene zinathera pamsika zikhoza kufika kwathu, koma amisiri akufuna kudziwa kaye zinthu ziwiri: nyumba zilipo zingati, ndipo nyumba iliyonse ikuganiza zodzalumikiza ciyani. Popeza ndinaphunzitsa masamu kwa zaka zambiri kuno ku Angónia, kope ndi colembera anapatsa ine.

Ndinayambira kwa amalume anga, poganiza kuti pacibale nchito ipepuka. Anandilandira bwino, nandipatsa mpando, koma nditangotsegula kope anati: "Aphunzitsi, lembani nyali imodzi basi." Ine ndinkadziwa kuti kucipinda kuli wailesi ya kanema imene mwana wawo anatumiza kucokera ku Joni, ikadali m'katoni mwake. Ndinkadziwanso kuti ndalama za kacewere wa caka cimeneco anazisungira jeleira. Nditawakumbutsa, anangoseka nati: "Wolemba sabwera cabe. Lero mulemba jeleira, mawa kubwera wa msonkho."

Sindinawatsutse tsiku limenelo, cifukwa mantha awo ali ndi mbiri yake. Amalume anabadwa Ulónguè akuchedwa Vila Coutinho. M'nthawi imeneyo munthu wobwera ndi buku m'mudzi ankabwera kudzawerenga nyumba kuti akhometse msonkho, ndi kudzawerenga amuna a mphamvu kuti apite ku cibalo. Wolephera msonkho ankamutenga masupayi, ndipo ambiri anabwerako manja atatupa ndi mbalamatodya. Anthu anaphunzira kubisa. Mnyamata ankagona kudimba tsiku la kalembera, nyumba ziwiri zinkachedwa imodzi, ndipo ena ankangodumpha malire kupita kwa abale awo ku Dedza kapena ku Ntcheu mpaka buku litadutsa. Malamulo a indigenato, amene ankamanga munthu wakuda ku nchito yokakamiza, anathetsedwa pa pepala mu 1961. Dziko litalandira ufulu tinawerengedwa mu 1980, mu 1997, mu 2007 ndi mu 2017, ndipo palibe amene anatengedwa cibalo. Koma cizolowezi cocepetsa ciwerengero cinatsala m'mafupa.

Cimene ndikufuna kufotokoza m'nkhani ino n'cakuti pa magetsi cizolowezi cimeneci cimatipweteka ife tomwe. Kuti cimveke, ndiyambe ndi kumene kuwala kwathu kwacokera.

Agogo anga aakazi ankaunikira nyumba ndi moto wa pakati pa nyumba. Akafuna kuyang'ana kanthu kuseri kwa mtsuko ankayatsa muuni wa udzu. Mayi anga ndiwo anali a m'badwo wa koloboyi: kacitini, kansanza kopota, ndi parafini wogula ku kantina m'kabotolo. Ndikakumbuka bwino, mayi ankadziwa masamu a magetsi magetsiwo asanawaone. Ankadziwa kuti kabotolo katha masiku angati, ndipo yankho linkadalira zinthu ziwiri zokha: kukula kwa lawi ndi kutalika kwa nthawi imene layaka. Ndikakoka cingwe kuti lawi likule ndiwerenge bwino, ankandikalipira. Kukabwera alendo n'kuceza mpaka usiku, m'mawa mwake ankapenda botolo padzuwa. Masamu onse amene ndilembe m'munsimu ndi omwewo, lawi ndi maola.

Pamene ife tinkapenda kabotolo, m'cigawo cathu comwe cino ca Tete munkamangidwa cimodzi mwa zinthu zazikulu kwambiri zopangira magetsi mu Afirika. Pa mathithi a Zambezi amene analepheretsa sitima ya Livingstone kukwera mtsinje mu 1858, Apwitikizi anayamba kumanga damu la Cahora Bassa mu 1969. Khoma lake ndi lotalika mamita 171. Madzi anayamba kudzaza kumapeto kwa 1974, ndipo anamiza minda ndi manda a anthu zikwizikwi amene anasamutsidwira m'midzi yokakamiza ija ya aldeamento. Pansi pa phiri ku Songo anaikamo makina asanu, alionse otha kupanga mamegawati 415, onse pamodzi 2075.

Omanga damu nawonso anacita kalembera wawo. Anafunsa kuti magetsi oculuka cotere adzagula ndani, ndipo yankho linali South Africa, ndi migodi ndi mafakitale ake. N'cifukwa cake nthambo zikuluzikulu ziwiri zinalunjika kum'mwera, mtunda wa makilomita pafupifupi 1400, kukathera pa siteshoni ya Apollo pafupi ndi Johannesburg. Amuna a kuno amene anapita ku migodi ya ku Joni mwina anaona kuwala kwa Zambezi kumeneko, akazi awo kuno akuyatsa koloboyi. M'buku la omanga damu nyumba ya mlimi wa ku Angónia munalibe. Sindikunena izi modandaula cabe. Munthu wa malonda amawerenga wogula, ndipo ife sitinkaoneka ngati ogula.

Ufulu utabwera mu 1975, damu linakhalabe m'manja mwa Portugal, amene anatenga magawo 82 pa 100 alionse a kampani yoliyendetsa. Boma latsopano linakhazikitsa EDM mu 1977 kuti igawe magetsi m'dziko, koma posakhalitsa nkhondo inakula. Nsanja zonyamula nthambo za ku South Africa zinagwetsedwa zambirimbiri, ndipo kwa zaka zoposa khumi makina a ku Songo ankangopanga kagawo kocepa ka mphamvu zake. Nthambozo zinayambanso kugwira nchito kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mozambique anatenga magawo 85 pa 100 pa 27 Novembala 2007.

Ife zaka za nkhondozo tinali tsidya lina la msewu. Amene munalipo mukukumbuka 1986, pamene midzi yathunthu inawoloka, ndipo Malawi anafika posunga anthu a kwathu pafupifupi miliyoni imodzi. Ine babu loyamba kukhala pansi pake n'kuwerenga buku linali la pa Dedza boma, loyaka ndi magetsi a mtsinje wa Shire, kumene Nkula inayamba kugwira nchito mu 1966. Cinkandidabwitsa n'cakuti dziko lopanda damu lalikulu ngati lathu linali ndi babu pamene ine ndinalibe. Ngakhale mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 ife n'kubwerera, matauni ena a m'malire monga Zóbuè, Milange ndi Mandimba ankalandira magetsi kucokera ku Malawi, cifukwa nthambo za kumeneko zinali pafupi kusiyana ndi zathu. Lero zinthu zatembenuka: nthambo yaikulu yocokera ku Matambo, pafupi ndi mzinda wa Tete, kupita ku Phombeya ku Balaka ndi yoti Malawi azigula magetsi kwa ife.

Titabwerera kunabwera matochi a mabatire, kenaka timasola ta padenga tochajira mafoni. Boma linalonjeza kuti pofika 2030 nyumba iliyonse idzakhala ndi magetsi. Ndiye kwa nthawi yoyamba m'mbiri yathu, munthu wa buku akubwera kudzafunsa kuti mufuna zingati. Ife n'kumuyankha ngati wa msonkho.

Tsopano masamu. Pa ciwiya ciliconse ca magetsi pamalembedwa nambala yotsatana ndi cilembo W. Yang'anani pa babu, kumbuyo kwa kanema, kapena pansi pa simbi. Amenewo ndi mawati, ndipo ndiko kukula kwa lawi kuja. Mukaculukitsa mawati ndi maola amene ciwiyaco cayaka, n'kugawa ndi 1000, mwapeza ma kWh, amene abale athu a tsidya lija amati mayunitsi. Amenewa ndiwo parafini wa m'botolo, ndipo ndi amene kontadoro ya Credelec imacotsera pang'onopang'ono mukalowetsa manambala 20 aja mwagula pa foni.

Titenge nyumba ya agogo amene akukhala ndi adzukulu awiri. Ali ndi mababu atatu a LED a mawati 9, oyaka maola 5 madzulo: 3 kuculukitsa 9 kuculukitsa 5, tapeza 135. Mafoni awiri, iliyonse mawati 10 kwa maola 2, ndi 40. Wailesi ya mawati 10 kwa maola 4, ndi 40 ina. Zonse pamodzi 215 pa tsiku, ndiye kuti pa mwezi pafupifupi 6,5 kWh. N'zocepa kwambiri, ndipo agogo ambiri amene amaopa magetsi poganiza kuti ndi a anthu olemera akanadziwa nambala imeneyi akanasiya kugula mabatire. Koma agogo omwewo akapatsidwa mababu akale aja a kawaya mkati, a mawati 60, kuunika kokha kudya 900 pa tsiku m'malo mwa 135. Kuwala n'kofanana, mtengo n'kuwirikiza kasanu ndi kamodzi ndi kupitirira. Babu lochipa pamsika si lochipa m'nyumba.

Nyumba yaciwiri ndi ya mlimi wa kacewere, yamalata, ya zipinda zingapo. Mababu 6 kwa maola 5 ndi 270. Babu lapanja loyang'ana kukhola, loyaka usiku wonse maola 11, ndi 99. Kanema ndi dikoda yake, mawati 80 kwa maola 5, ndi 400. Mafoni anayi, 80. Simbi ya mawati 1000, ola limodzi kawiri pa sabata, tikagawa pa masiku 7 ndi pafupifupi 285 pa tsiku. Zonse ndi 1134, kapena kuti 34 kWh pa mwezi.

Ndiyeno mlimiyu agule jeleira. Pa cikwangwani cake palembedwa mwina mawati 120 okha, ndipo munthu amati n'kanthu kocepa poyerekeza ndi simbi. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Simbi ndi mlendo wodya kwambiri koma wobwera kawiri pa sabata. Jeleira ndi mkamwini wodya pang'ono koma wosacoka pakhomo. Injini yake imayaka ndi kuzima usana ndi usiku, ndipo ikagwira maola 10 pa tsiku ndi 1200, kutanthauza 36 kWh pa mwezi. Jeleira yokha yadya kuposa ziwiya zina zonse za m'nyumbamo, ndipo nyumba yacoka pa 34 kufika pa 70. Ikakhala yakale, yogula kwa wina, mphira wa pacitseko utatha, idya koposa apa.

Nyumba yacitatu ili ndi zonsezi, n'kuwonjezera mbaula ya magetsi ya mawati 1500. Kuphika maola 2 pa tsiku ndi 3 kWh, pa mwezi 90, ndipo nyumba yafika pa 160. Pa nkhani ya mbaulayi ndimakonda kupereka citsanzo ca nyemba, popeza ife a ku Angónia timazidziwa. Mphika wa nyemba zouma ukakhala pa mbaula yotsegulidwa mpaka kumapeto kwa maola 3, wadya 4,5 kWh. Magetsi amenewo akanaunikira nyumba ya agogo aja masiku 20. Lamulo lake n'losavuta: ciliconse cotenthetsa cimadya kwambiri, kaya ndi mbaula, simbi, ketulo, kapena kawaya kaja koviika m'ndowa ya madzi osamba. Counikira ndi colankhula cimadya pang'ono.

Mwaona kuti sindinayambe ndi kufunsa kuti m'nyumba muli anthu angati. Kuculuka kwa anthu kuli ndi mbali yake, cifukwa mafoni amaculuka, zovala zosita zimaculuka, ndipo citseko ca jeleira cimatsegulidwa kawirikawiri. Koma banja la anthu khumi lokhala ndi mababu atatu limadya zocepa kusiyana ndi mphunzitsi mmodzi wosakwatira amene amaphikira pa magetsi. Cimene cimalamula kwenikweni ndi ziwiya, ndipo ziwiya zimatsata thumba.

Thumba la mlimi nalo limatsata nyengo. Kucokera mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti, kacewere, soya, nyemba ndi fodya zikagulitsidwa, anthu amagula magetsi mosawerengera ndipo ndi nthawi imene ziwiya zatsopano zimalowa m'mudzi. Nthawi yomweyo ndi ya cisanu. Kuno kumapiri Juni ndi Julayi amaluma, usiku umatalika, ana amafuna madzi ofunda popita kusukulu. Kumzinda wa Tete zinthu n'zosiyana: iwo amadya magetsi ambiri mu Okutobala ndi Novembala, pamene mafani ndi majeleira akulimbana ndi kutentha kwa m'cigwa. Munthu amene angatenge nambala za ku Tete n'kuziika pa mudzi wa ku Tsangano walakwitsa mwezi. Pofika Januwale ndi Febuluwale, ndalama zonse zili ku feteleza, jeleira imazimitsidwa n'kusanduka kabati yosungiramo mbale, ndipo kontadoro imalira masiku angapo mwini wake asanapeze yogulira. Kontadoro yolipiriratu inasintha khalidwe la anthu pamenepa. Munthu amaona ndi maso nambala ikutsika, monga mayi ankaonera parafini m'botolo.

Amene muli kale ndi magetsi muli ndi njira yacidule yoposa masamu angawa. Lembani nambala ya pa kontadoro m'mawa, mulembenso m'mawa wa tsiku lotsatira pa nthawi yomweyo. Kusiyana kwake ndi cakudya ca nyumba yanu pa tsiku. Mukacita zimenezi kwa sabata yathunthu, kuphatikizapo Loweruka la kusita, mudziwa zoona. Mukafuna kudziwa mbali ya jeleira, izimitseni tsiku limodzi ilibe kanthu, muone kusintha.

Zonsezi ndi za thumba la mwini nyumba. Amisiri aja funso lawo linali lina, ndipo ndinacedwa kulimvetsa ngakhale ndine wa masamu. Iwo safuna kwenikweni kudziwa kuti mudzi udya zingati pa mwezi. Amafuna kudziwa kuti pa ola lothina kwambiri, mudzi wonse ukoka mawati angati nthawi imodzi. Pamenepo ndi pamene amasankhira kukula kwa thiransifoma ija ya pamtengo imene timaichula kuti PT, ndi kunenepa kwa mawaya. Zili ngati mjigo. Mjigo ungathe kukwanira mudzi wonse pa tsiku, koma onse akabwera ndi ndowa mbandakuca, mzere ufika kumsewu.

Ola lothina kwa ife ndi madzulo, dzuwa litangolowa mpaka nthawi yogona. Kuti masamu aphweke, nditenge mudzi wa nyumba 100. Nyumba 60 zikhale ngati ya agogo aja. Madzulo iliyonse imakoka mawati pafupifupi 60, zonse 3600. Nyumba 25 zikhale ndi kanema popanda jeleira, iliyonse mawati 180, zonse 4500. Nyumba 10 za jeleira, iliyonse mawati 300, ndi 3000. Nyumba 5 zophikira pa magetsi, iliyonse mawati 1800, ndi 9000. Tikaphatikiza tapeza 20.100, ndiye kuti makilowati 20. Taonani bwino pamenepa: nyumba zisanu zokha zatenga pafupifupi theka la katundu yense wa madzulo, pamene nyumba 60 sizinafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu.

Simbi sindinaziwerengere, ngakhale m'mudzi wotere zingakhalemo 40. Tikanaziphatikiza zonse tikanawonjezera makilowati 40, n'kupempha PT yaikulu imene singadzagwire nchito yake. Anthu sasita onse pa mphindi imodzi, ndipo ambiri amasita masana. Kuwerenga mopitirira nako n'kulakwa, cifukwa PT yaikulu ndi yodula, ndipo mudzi wooneka wodula ukhoza kutsalira pa mndandanda. Koma pali masiku amene anthu amacita zinthu pamodzi, ndipo amene amawadziwa ndi ife eni mudzi, osati mlendo wocokera ku Tete: m'mawa wa Lamulungu anthu asanapite kuchalichi, usiku wa mpira wa Mambas, sabata ya Khirisimasi pamene a ku Joni abwera ndi zokuzira mawu.

Nditapeza nambala ya makilowati 20 ndinabwerera ku Songo m'maganizo. Mamegawati 2075 ndi makilowati 2.075.000. Pa pepala, damu lokhalo likhoza kunyamula midzi yoposa 100.000 ya mtundu umenewu pa ola lothina. Fakitale imodzi yosungunula aluminiyamu, Mozal ya kufupi ndi Maputo imene inayamba mu 2000, itakuzidwa inafika pofuna mamegawati pafupifupi 900. Mdima wa m'midzi yathu sunabwere cifukwa cakuti Zambezi inaperewera. Codula ndi mtunda wa mawaya ndi mitengo yake kukafika pa nyumba zotalikirana, iliyonse yogula 6,5 kWh pa mwezi. Wopanga mapulani akaona m'kope mwalembedwa nyali imodzi, nyali imodzi, nyali imodzi, amaona mudzi wosabweza ndalama.

Vuto laciwiri la kubisa ndinaliona ndi maso pa mudzi wina wa kufupi ndi kwathu, umene sindiuchula dzina cifukwa ndinakwatirako. Iwo magetsi anawafikira kale. Pa kalembera wawo aliyense analembetsa mababu ndi foni, ndipo anapatsidwa PT yolingana ndi zimene ananena. Zaka zitatu zisanathe makatoni anatsegulidwa. Ndinakagonako nthawi ya maliro. Masana zonse zinali bwino, koma itakwana nthawi yophika mababu a ku nyumba za kumapeto kwa waya anayamba kuphethira, kanema n'kumazima yekha, ndipo jeleira ya mlamu wanga inkangong'ung'udza osatha kudzuka. Injini ikamakakamizika cotero imatentha, ndipo yake inapsa caka comweco. Anthu ankatukwana amisiri. Ine ndinafunsa kuti pa kalembera munalembetsa mbaula zingati, ndipo bwalo linati zii.

N'cifukwa cake mudzi suwerengedwa monga uliri lero lokha. PT za m'midzi zimabwera m'misinkhu, monga 25, 50 ndi 100 kVA, ndipo ya 25 imanyamula makilowati 20 ndi pang'ono. Mudzi wathu wa citsanzo ukwanira pa tsiku loyamba, popanda malo opumira. Tiyeni tiupatse zaka zisanu. Nyumba 20 za mababu okha zigule kanema: kuwonjezera mawati 120 iliyonse, 2400. Nyumba 10 zigule jeleira: 1200. Nyumba zina 5 ziyambe kuphikira pa magetsi, poti makala akukwera mtengo ndipo mitengo ya m'mapiri yathu yatha: 7500. Acinyamata okwatira amange nyumba 15 zatsopano m'mbali mwa waya, monga amacitira kulikonse kumene waya wadutsa: tinene 1500. Tacoka pa makilowati 20 kufika pafupifupi 33. Ya 25 ija yalemedwa, ndipo kuisintha si nkhani ya sabata imodzi.

Pamwamba pa izi pali cigayo. Palibe mudzi umene umalandira magetsi popanda wina kuganiza zosiya dizilo. Mota ya cigayo ya mahachi 20 ndi makilowati pafupifupi 15, kufanana ndi nyumba 250 za agogo aja madzulo, ndipo podzuka imakoka kangapo kuposa pamenepo, mababu a mudzi wonse n'kugwada. Imafunanso waya wa magawo atatu, umene amisiri amati trifásico. Wowocherera zitsulo nayenso makina ake amagwedeza waya. Anthu awiriwa ayenera kulembedwa paokha, ndipo mudzi wanzeru umapangana nawo kuti nchito yawo izithera dzuwa lisanalowe. Mwini cigayo akabisa maganizo ake pa kalembera, wabisira mudzi wonse.

Nditamaliza kuyenda nyumba zina ndinaona kuti funso langa lomwe linali lolakwika. Kufunsa munthu kuti muli ndi ciyani kumamveka ngati kufufuza cuma cake. Ndinagawa tsamba pawiri. Kumanzere ndinkalemba zimene munthu adzalumikize tsiku loyamba, kumanja zimene akulakalaka atakolola bwino kawiri kapena katatu. Mbali ya kumanja anthu ankaikonda. Amayi ndiwo ankayankha bwino kuposa abambo, cifukwa amadziwa nthawi yophika, nthawi yosita, ndi amene amadzuka usiku. Mtsikana wina anandiuza za coumitsira tsitsi ca saluni imene sanatsegule, ndipo ndinalemba, popeza naco n'cotenthetsa. Maina a anthu sindinawaike pa pepala lopita kwa amisiri. Ndinangoika manambala a nyumba, ndipo ndinanena zimenezi poyera pabwalo amfumu ali pomwepo.

Kwa amalume ndinabwererako komaliza. Sindinatenge kope. Ndinawafotokozera za jeleira ya mlamu wanga, imene iwonso anaimva ikung'ung'udza pa maliro paja, ndi kuti nyumba yawo ili kumapeto kwenikweni kwa mudzi, kumene waya umafika utatopa. Anakhala cete nthawi yaitali akutokosa pansi ndi ndodo. Kenaka anafunsa ngati pepalalo lidzapita ku ofesi ya msonkho. Ndinati ayi, ndipo dzina lawo silidzakhalapo. Anaitana mdzukulu kuti atulutse katoni ija. Tinaitembenuza, ndipo ndinawasonyeza pamene palembedwa 65 W.

"Lembani," anatero. "Jeleiranso lembani. Mababu asanu, limodzi la kukhola." Nditaimirira kuti ndizipita anandibweza. Anati mwana wawo wa ku Joni uja wakhala akunena za cigayo, ndipo malo anamusonyeza kale, kuseri kwa nkhokwe.

Kope ndinalipereka mwezi wa Ogasiti. Mitengo ya mawaya anaitsitsa m'mbali mwa msewu mvula isanayambe, ndipo ana akusewerapo.